Bleeding heart wanga wachita chikasu ndipo wina wasoweratu, ndizule kapena ndidikire?

Make_Chiku_Leicester

Moni nonse abale anga. Ndili ndi funso kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku UK ndipo mumawadziwa maluwa akuno. Nyumba yomwe tikuchita lendi ku Leicester ili ndi kagadeni kuseri koma dzuwa ndiye mavuto, kanayang'ana kumpoto, mbali ina kuli mpanda wamatabwa wautali mbali inayo kuli chimtengo cha sycamore cha aneba chomwe nthambi zake zinalowerera kwathu. Dzuwa limangofika m'mawa pang'ono pakona imodzi basi, ikamakwana 11 koloko lapita kale.

Ndiye mu Malichi ndinagula bleeding heart awiri a m'miphika, amene amagulitsawo anandiuza kuti amenewa ndi okonda mthunzi komanso amabweranso chaka ndi chaka, palebulo panalembedwa Dicentra spectabilis. Mmodzi ndinadzala pakona yofika dzuwa ija, winayo pansi pa mtengo. Mu Epulo ndi Meyi koma ndiye anakongola inu, timitima ta pinki titandanda mzere umodzi pa tsinde lowerama, kalikonse kali ndi kadontho koyera kunsi kwake, mphepo ikangoomba tonse tikugwedezeka. Aneba athu agogo achizungu mpaka anasuzumira pampanda kuyamikira.

Pano tili mu Julaye zinthu zasintha. Wapakona uja masamba achita chikasu, matsinde agona pansi ndipo ukawagwira ali wedewede. Wapansi pa mtengo uja ndiye anayamba kale mu Juni, pano palibe ndi tsamba lomwe, pangotsala dothi. Abambo akunyumba akuti ndalama zinapita pachabe, tizule tidzalepo repu kapena mpiru olo nkhwani, zinthu zodya osati zongoonera kkkk. Ine mtima ukukana. Ndithandizeni, afa kapena ndi mmene amachitira? Ndithire feteleza? Ndizithirira tsiku lililonse? Kapena amuna anga akunena zoona?

Anti_wa_Maluwa_Nottingham

Make Chiku, khasu libiseni kaye, auzeni abambo aupeze mtima. Duwa limeneli silinafe, ndi khalidwe lake. Bleeding heart amadzuka molawirira nyengo yozizira ikamatha, amakula mothamanga, kuchita maluwa kuyambira chakumapeto kwa Epulo mpaka mu Juni, kenako kukangoyamba kutentha ndi kuuma amasiya zonse zapamwamba nkubwerera pansi. Chakudya chonse chomwe masamba anapanga chapita ku mizu, ndiye zomwe mukuonazo ndi masamba omwe atha ntchito. Chaka chamawa mu Malichi mudzaona timphukira tofiirira tonenepa tikubowola dothi pamalo omwewo ndipo nthawi zambiri chitsamba chimabwera chachikulu kuposa poyamba, chikakhazikika chimatha kufika mita imodzi kutalika.

Kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa China, Korea ndi madera ena a Siberia, m'mphepete mwa nkhalango momwe duwa limayenera kuchita zake zonse mitengo isanatseke kumwamba ndi masamba. Kuno ku Britain duwali linatchuka katswiri wa zomera Robert Fortune atabwera nalo kuchokera ku China m'zaka za m'ma 1840. Mukamafufuza pa intaneti mupeza mayina awiri musasokonezeke, akatswiri anamusamutsa ku Dicentra pano amati Lamprocapnos spectabilis, koma m'masitolo ambiri lebulo ikadali yakale yomweyo.

Tsono chomwe ine ndaona mu nkhani yanu ndi kusiyana kwa awiriwo. Wapansi pa mtengo wagona msanga kuposa mnzake, ndipo chifukwa chake si mthunzi ayi, ndi ludzu. Anthu akamati duwa ili limakonda mthunzi amaiwala kunena kuti mthunzi ulipo wamitundu iwiri. Pali mthunzi wa khoma kapena mpanda pomwe dothi limakhala ndi chinyontho, ndiye pali mthunzi wa pansi pa mtengo waukulu pomwe mizu ya mtengo imamwa madzi onse komanso masamba amatchinga mvula, mvula igwe usiku wonse inu mukakande pansi pa sycamore m'mawa mupeza fumbi. Bleeding heart amafuna woyambawo. Pansi pa chimtengo chimenecho akhoza kukhala ndi moyo koma azingovutika, maluwa ochepa, kugona msanga, chaka chilichonse akucheperachepera.

Feteleza musathire panopa, palibe chomwe angachite naye ali mtulo. Masamba achikasuwo asiyeni mpaka aumiretu ndiye mudule ndi sizasi pafupi ndi dothi, osazula ndi manja. Ndipo chonde lero lomwe zikani kamtengo kapena ikani mwala pomwe munadzalapo, chifukwa pofika Okutobala simudzakumbukira malo ake ndipo ambiri amaphedwa ndi fosholo ya mwini wake yemwe akufuna kudzala ma tulip.

Mjomba_Glasgow

Anti anena zoona koma ine ndiwonjezere pang'ono, sikuti chikasu chilichonse ndi tulo. Nthawi zina amakhala wafadi, makamaka ngati dothi ndi lamakande lija losunga madzi, ndipo madera ambiri a ku Midlands, chigawo chomwe kuli Leicester, dothi lake ndi lotero. Mizu ya duwali ndi yonenepa yamadzimadzi, ikakhala m'matope nthawi yaitali imawola. Ndiye funso lanu loti muzithirira daily, ine ndikuti ayi. Kuthirira kwambiri chomera chomwe chilibe masamba ndi njira yachidule yochiphera. Dothi lisaume gwaa koma lisakhalenso chithaphwi, ngati kwadutsa sabata kapena kuposa osagwa mvula thirani kheni imodzi madzulo basi.

Mukafuna kudziwa chenicheni pitani pomwe panali wapansi pa mtengoyo, kandani ndi chala pang'onopang'ono osati ndi khasu, masentimita atatu kapena asanu muupeza mutu wa mizu yake. Ukakhala wolimba, woyererako mkati, mwina muli ndi timaso ta pinki, ali moyo, kwirirani mumusiye. Ukakhala wofewa, wakuda, wonunkha chivundi ndiye basi wapita, apo abambo awina mlandu.

Kuno ku Scotland wanga amakhala ndi masamba obiriwira mpaka Ogasiti nthawi zina kupitirira, chifukwa kuno mvula simasowa ndipo kutentha kwake nkwamasewera. Kwanu kumwerako ndi kwina, mukukumbukira Julaye wa 2022 pomwe ku England kunatentha mpaka kupyola madigiri 40, chaka chotero duwa ngati ili silingadikire. Ndiye nthawi yogonera imasiyana malo ndi malo, musamayerekeze ndi zithunzi za pa Facebook za munthu wa ku Inverness kumpoto kwa Scotland.

Adani ake enieni ndi awiri ndipo onse amabwera mu Malichi ndi Epulo osati pano. Woyamba ndi nkhono, makamaka zopanda chigoba zija, ma slug. Gadeni yamthunzi yachinyontho ndi kwawo, ndipo timphukira tikangotuluka amatha kutimweta usiku umodzi m'mawa mungopeza tizitsa ndi mizere yonyezimira ya mamina awo pa dothi. Mankhwala akale a metaldehyde analetsedwa kuno kuyambira Epulo 2022 chifukwa amapha mbalame ndi a kanungu, ndiye ngati munapeza chitini chakale m'shedi ya landilodi musagwiritse. Omwe akuloledwa ndi a ferric phosphate. Ine ndimangotuluka ndi tochi cha m'ma 10 usiku nkutola, ndi ntchito yonyansa koma imagwira kuposa zonse. Ena amakwirira kachitini ka mowa kuti zigweremo, zimagwiradi koma mowa ndi mtengo wake wapanowu ine ayi kkkk.

Wachiwiri ndi chisanu chochedwa chija. Mizu payokha siopa kuzizira olo pang'ono, kwawo kumazizira kuposa kuno, koma mphukira zanthete zikatuluka kenako usiku wina mu Epulo frost nkugwa, m'mawa mumapeza zalendewera ngati zathiridwa madzi otentha. Mukamva a zanyengo akunena za frost phimbani madzulo ndi fleece ya m'gadeni, olo chinsalu chakale chopepuka, m'mawa nkuchotsa.

NaZomba

Koma abale mukundidabwitsa, bleeding heart wake uti amene amasowa? Ine ndili naye kuno ku Zomba pakhonde, anayanga pa waya mpaka kudenga, maluwa oyera ndi kofiira kotulukira pakati, ndipo sanasowepo chaka chonse, amangothothoka masamba pang'ono nyengo yozizira. Kapena ndi nyengo yakwanuko ikumuzunza? Ndipo wa pinki mukunenayo ngati ndi wina ndiye ndikumufuna, mwana wa achemwali anga akubwera pa Khirisimasi anditengere muzu umodzi.

Anti_wa_Maluwa_Nottingham

NaZomba mwaswera bwanji kumudziko. Wanuyo ndi wina, sali pachibale nkomwe. Woyangayo ndi Clerodendrum thomsoniae, kwawo ndi ku West Africa, amakonda kutentha nchifukwa chake kwanuko akusangalala, kuno panja sangathe chaka, amafuna m'nyumba kapena mu greenhouse. Wathuyu sayanga, ndi chitsamba chofewa cha m'banja limodzi ndi poppy.

Zoti akutengereni muzu ine sindikulimbikitsani. Duwali limafuna miyezi yozizira kwenikweni kuti ligone bwino nkudzukanso, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julaye wa ku Zomba, ngakhale timavala majuzi, sikufika pamenepo, kenako Okutobala akabwera ndi dzuwa lake lija limalizika. Komanso zomera zamoyo sizingolowetsedwa m'dziko mu sutikesi, pamafunika zikalata za a zaulimi, mwanayo angakavutike nazo pa eyapoti chifukwa cha duwa lomwe silikakhalitsa. Sungani wanuyo, ife kuno timamusirira.

Make_Chiku_Leicester

Zikomo kwambiri nonse, mwandikhazika mtima pansi. Amjomba ndachita zomwe munanena, ndakanda ndi chala pansi pa mtengo paja, dothi lake louma kuti gwaa ngakhale dzana kunagwa mvula, ndiye Anti munalasa. Mutu ndaupeza ndi wolimba, sukununkha, ndakwirira ndaikapo njerwa pambali pake. Abambo ndawaonetsa angoti chabwino tiona mu Malichi.

Tsono mafunso ena abwera. Ngati pansi pa mtengopo sipabwino ndimusamutse liti, panopa poti wagona kale kapena ndidikire? Chachiwiri malowo akuoneka moipa bwanji, dothi lokhalokha kuyambira Julaye mpaka chaka chamawa, palibe chomwe ndingadzalepo chobisa? Chachitatu ndili ndi mwana wazaka zitatu yemwe chilichonse chimapita kukamwa, mu Meyi muja ndinamupeza atathothola timitima tiwiri ali nato m'manja, ndiye ndikufuna kudziwa ngati ndi koopsa. Komanso nyumbayi ndi ya lendi, tikhoza kusamuka nthawi ina iliyonse, kodi m'chimphika chachikulu angakhale?

Anti_wa_Maluwa_Nottingham

Ndiyambe ndi za mwana chifukwa ndiye zofunika. Inde duwali lili ndi poizoni, mbali zonse, masamba, maluwa, makamaka mizu. Munthu akadya amatha kumva m'mimba, kusanza, ndipo madzi ake ena amawayabwa pakhungu ndiye pogwira mizu valani magolovesi. Agalu ndi amphaka chimodzimodzi. Sindikuti muzule, maluwa ambiri a m'magadeni akuno ndi otero, daffodil, foxglove, onsewo, koma mwana wazaka zitatu asamasewere yekha pafupi nthawi ya maluwa, ndipo ngati wadyadi imbani 111, nambala ya azachipatala kuno, muwauze dzina la duwalo. Lebulo ija musataye, ijambuleni pafoni.

Kusamutsa. Ine ndingadikire mpaka kumapeto kwa Okutobala kapena Novembala pomwe dothi lafewa ndi mvula koma lisanaume ndi chisanu, apo ayi kumayambiriro kwa Malichi timaso tikangoyamba kuoneka. Panopa dothi ndi louma, mukakumba mizu ithyokathyoka. Mizu yake imathyoka msanga ngati chinangwa chanthete, ukangopinda pang'ono thyo. Ndiye musakumbe pafupi, yambirani patali mwina masentimita 30 kuchoka pamutu, gwiritsani foloko ya m'gadeni osati fosholo, zungulirani mbali zonse kenako munyamule ndi dothi lake lomwe. Poti wangokhala miyezi yochepa mizu sinapite patali, zikhala zosavuta. Akakhala zaka zinayi zisanu pamalo amodzi ndiye sakondanso kusunthidwa, nchifukwa chake ndi bwino kumupezera malo abwino pano.

Ngati kamuzu kena kathyoka musataye, kotalika ngati chala, kagonekeni m'kamphika ka kompositi nkukwirira pang'ono, ikani panja pamalo obisika, nthawi zambiri kamaphuka ndipo mwapeza duwa laulere. Za njere ine sindivutika nazo, zimafuna zizizidwe kaye miyezi ingapo ndiye kumera kwake nkochedwa.

Malo atsopano akhale mbali ya mpanda ija, komwe kumafika kadzuwa ka m'mawa koma masana kuli mthunzi, ndipo musagundike kumpanda kwenikweni chifukwa m'tsinde mwa mpanda namonso mvula sifika bwino, siyani mpata ngati theka la mita. Dzenje likhale lotakata kuposa kuya. Sakanizani dothi ndi kompositi wambiri kapena manyowa owolerana, ngati ndi makande onjezani timiyala ta grit kuti madzi azidutsa. Mutu ukhale pansi pang'ono chabe, masentimita awiri kapena atatu, mukaukwirira mozama umawola kapena kukana maluwa. Mukatha phimbirani pamwamba.

Ndipo apa sycamore uja ali ndi ntchito. Masamba omwe azigwera kwanu mu Okutobala ndi Novembala musawataye mu bini ya khonsolo. Akokoleni, athireni madzi, aikeni m'mapepala akuda a zinyalala aja, boolani timabowo, ponyani kuseri kwa shedi muiwale. Pakatha chaka kapena ziwiri mumapeza asanduka dothi lakuda lofewa lonunkhira nkhalango, azungu amati leaf mould, ndipo kwa bleeding heart palibe feteleza wogula amene amaposa chimenechi. Masamba a sycamore ndi okhuthala amachedwa kuwola, mukawadula ndi makina otchetchera kapinga kaye zimafulumira.

Zobisa dothi ndiye zosavuta, mumadzala pafupi zinthu zomwe zimachedwa kudzuka nkutambasula masamba nthawi yomwe iye akugona. Hosta, chomera cha masamba otambalala, ndiye mnzake wodziwika koma dziwani kuti nkhono zimamukonda koopsa, mwaitana alendo. Ine ndimakonda ma fern, brunnera, ndi geranium wolimba uja wa m'gadeni, astilbe ngati pali chinyontho chokwanira. Dzalani motalikirako pang'ono masamba okha ndi amene afike pamwamba pake. Njira ina yaulesi, ikani mphika wa begonia pambali pake mpaka Okutobala.

Mjomba_Glasgow

Za mphika ndiyankhe ine poti wanga mmodzi ali mumphika. Zimatheka, koma mphika ukhale waukulu, masentimita 40 kukamwa kwake kapena kuposa, wakuya, wamabowo pansi, ndipo nyengo yozizira muukweze pa njerwa kuti madzi azituluka. Vuto la mumphika ndi loti umauma msanga ndiye mu Meyi ndi Juni muzithirira pafupipafupi apo ayi agona msanga ngati wapansi pa mtengo uja. Ubwino wake mukamasamuka mumangonyamula, komanso maluwa akatha mumaukankhira kuseri kwa shedi osaonanso chikasu chija, ndipo mwana mukhoza kumutalikitsira. Ine ndikanakhala inu wapakona ndikanamusiya pomwepo poti akuchita bwino, wapansi pa mtengo ndiye alowe mumphika. Apo ndasiyana pang'ono ndi Anti, pepani Anti.

Pansi pa sycamore ngati mukufunabe timitima yesani msuweni wake Dicentra formosa, wochokera kumadzulo kwa North America. Ndi wamfupi, masamba ake ang'onoang'ono otuwira, maluwa sakula ngati a winayu ndipo kunena zoona sakongola kufika pamenepo, koma amapirira kuuma kuposa mnzakeyo, amayala yekha pansi ndipo amakhalitsa ndi maluwa. Pali wina amati 'Luxuriant' ndi wina wofiira kwambiri 'Bacchanal'. Chaka choyamba muzimuthirirabe mpaka agwire. Kwa wamkuluyo mitundu yomwe mungaipeze mosavuta ndi 'Alba' woyera, 'Valentine' wofiira wamatsinde akuda, ndi 'Gold Heart' wamasamba achikasu chibadwire, amene pamalo amdima amawala bwino zedi. Woyera uja pamthunzi madzulo amaoneka kuposa wa pinki, ndi maganizo anga chabe. Ndipo musagule a m'miphika ali ndi maluwa kale mu Epulo, amadula, dikirani mizu youma ya m'mapaketi yomwe imabwera cha mu Febuluwale, mtengo wake ndi wotsika, muiviike m'madzi ola limodzi musanadzale.

Kwa abambo akunyumba, achimwene nkhwani pamenepo iwalani, maungu amafuna dzuwa tsiku lonse, pagadeni yoyang'ana kumpoto mungokolola masamba atatu otumbululuka. Mpiru, repu ndi sipinachi zimapirirako mthunzi, yesani m'mabokosi pakona ya dzuwa la m'mawayo, mpiru mukafesa mu Ogasiti sufulumira kuchita maluwa ngati wa mu Meyi. Koma ngati mukufuna chimanga, maungu ndi nyemba zenizeni kalembetseni allotment, kamunda kobwereka, ku khonsolo, mndandanda wodikira umakhala wautali m'mizinda yambiri ndiye kulembetsa msanga ndi bwino.

Make_Chiku_Leicester

Anti ndi Amjomba Mulungu akudalitseni. Ndapanga chiganizo, wapakona akhala pomwepo ndingomuphimbira ndi kompositi, winayo alowa mumphika mu Novembala, pansi pa mtengo ndiyesa formosa ndi ma fern. Abambo nkhani ya allotment aikonda moti akudzaza kale fomu pa foni. Funso lomaliza Amjomba, mumphikamo ndiike kompositi wa m'thumba yekha kapena ndisakanize ndi dothi la m'gadeni?

Mjomba_Glasgow

Wa m'thumba yekha amauma msanga ndipo pakatha chaka amafwafwa. Gulani kompositi wotchedwa John Innes No. 3, ameneyo ali ndi dothi kale, sakanizani magawo awiri a iyeyo ndi gawo limodzi la kompositi wamba wopanda peat, muthiremo grit wodzaza manja awiri. Dothi la m'gadeni mwanu lisalowemo, ngati ndi makande mumphika limagwirana nkutseka mabowo. Chaka chilichonse mu Malichi chotsani dothi lapamwamba masentimita ochepa muikepo latsopano, mosamala timaso tija musatithyole.